Kakatundu Kakang'ono Kopita ku Indianapolis

Galimoto yanga ndi Pontiac GTO ya 1967. Yobiriwira, ya zitseko ziwiri. Ndinaigula kwa mlimi wina kummwera kwa South Bend. Inali m'khola lopanda ng'ombe, makoswe atamanga mudzi pansi pake. Penti yake ndi yomwe inatuluka nayo kufakitale. Mipando ndi yomweyo, injini ndi yomweyo. Ndikailiza m'mawa, galu wa aneba amathawira kunsi kwa bedi.

Malemu mkazi wanga Joan ankaitcha mkazi mnzake. Ankati imadya kuposa iye, ndipo ikatsokomola ndimadzuka msanga kuposa akatsokomola iyeyo. Zinali zoona pang'ono.

Amalawi anzanga kuno ku South Bend saimvetsa.

"Ankolo Yohane, osagula yamakono bwanji? Iyi ilibe ngakhale kamera yakumbuyo."

"Ilibe," ndimatero, n'kupitiriza kupukuta.

Koma kuli anthu amene amaimvetsa. Pali kalabu ya osunga magalimoto akale a injini zikuluzikulu. Amakumana kamodzi pachaka ku Speedway, m'mbali mwa mzinda wa Indianapolis, pabwalo la udzu pafupi ndi malo ochitira mpikisano wa magalimoto. Oweruza atatu amayendera galimoto iliyonse. Akapeza kuti zonse ndi zakufakitale, amakupatsa kachitsulo kamkuwa kolembedwa chaka cha galimotoyo. Kamakula ngati bokosi la machesi. Sikadyedwa, sikagulitsidwa. Ndinkakafuna.

Oweruzawo amalowa mpaka m'buti. Amafuna kuona jeke, tayala la sipeya ndi kapeti yapansi, basi. Akapeza m'galimoto chinthu china chimene sichinachokere kufakitale, amakuthokoza, n'kukuuza kuti udzabwere chaka chamawa. Jeke yeniyeni ya 1967 ndinaisaka zaka zambiri. Chaka chino ndinaipeza. Ndinalembetsa.

Joan anali ndi lamulo lake: ulendo wautali sumayambika mpingo usakudziwa. Mwini wake anapita, lamulo linatsala. Choncho Lamlungu ndinakokera pambali a Mervin, mkulu wa mpingo wathu.

"Loweruka ndikupita ku Indianapolis. Mundikumbukire m'pemphero."

Ndinachita kunong'ona. A Mervin anagwedeza mutu mwaulemu kwambiri. Nthawi ya zolengeza itakwana anaimirira kutsogolo, maikolofoni ili m'manja.

"Abale ndi alongo, Ankolo Yohane akupita ku Indianapolis Loweruka, pa galimoto yawo yaikulu buti ija. Tiwapempherere."

Za buti sindinawauze ndine.

Mitu ya amayi inatembenukira kwa ine pamodzi, ngati nkhuku zikamva chimanga chikugwa m'mbale. Ndinayang'ana pansi.

Lachisanu masana ndinali m'galaja, ndikupukuta matayala ndi mswachi. Kunja kunaima galimoto.

"Odi, Ankolo!"

Anali Mayi Pamela, mkulu wa amayi kumpingo. Munthu wabwino. Akamalankhula sapumira.

"Ndamva mukupita ku Indy. Ndili ndi kakatundu kakang'ono ka mng'ono wanga Akuzike, nesi wa ku Lawrence uja. Mungokadiropa basi, ndi panjira pomwe."

Si panjira. Lawrence ili kuvuma, Speedway ili kuzambwe, pakati pali mzinda wonse.

"Galimoto ikupita kuchionetsero," ndinatero.

"Eetu, ikaonetsedwe bwino, ndi yokongola. Kakatundu sikaoneka, kakhala kumbuyo. Mervin, tsitsa!"

A Mervin ndi amuna awo. Anatuluka m'galimoto osandiyang'ana m'maso. Kakatundu kaja kanali thumba la ufa londifika m'chiuno, ndi jumbo ya usipa umene mlamu wawo anabwera nawo kuchokera kwathu mwezi watha. Jumboyo anaimanga ndi mpira.

"Siinunkha," anatero Mayi Pamela. "Ndaikulunga kawiri."

Inkanunkha.

Ine ndimakana zinthu zambiri. Sindikweza munthu m'galimoto imeneyi. Sindibwereketsa. Mwana wa abusa anaipempha pa ukwati wake kuti aikolekere maliboni, ndinati ayi, ndipo mpaka lero amandipatsa moni wa dzanja limodzi. Koma katundu sakanidwa. Joan atamwalira, mapoto a chakudya ankachokera ku Indianapolis mumsewu womwewu, m'mabuti a anthu ena. Ndinadya. Sindinafunse kuti buti ndi ya ndani.

Ndinayala bulangete m'buti. A Mervin anaika ufa.

Dzuwa lisanalowe anabweranso ena. Aliyense anali ndi kakatundu kakang'ono. Wina anabweretsa nkhwani za m'dimba lake, zodzaza pepala lakuda la zinyalala. Wina anabweretsa nyama ya mbuzi yogula kwa alimi a chipembedzo cha Amish, ili m'bokosi lozizira lokula ngati kabati. Kunabwera makina osokera. Kunabwera mipando iwiri yopinda imene munthu wina anaibwereka pa chinkhoswe chaka chatha, n'kuiwala kubweza. Mtsikana wina wa kuyunivesite anabweretsa mitsamiro.

"Zonse zikupita kwa Akuzike," ankatero. "Eni ake akatengera kumeneko."

Buti ya GTO ndi yaikulu, munthu akhoza kugonamo osapinda miyendo. Inadzaza. Ndinachita kuikhalira kuti itsekeke.

Nzeru yanga inali yophweka. Kulawira, kutsitsa zonse ku Lawrence, kupukuta buti, kufika ku Speedway chipata chisanatsekedwe.

Ndinalawiradi. Galimoto inali italemera kumbuyo, mphuno ili m'mwamba ngati bwato. Koma injini sinadandaule. Mukaiponda pa msewu wa 31, minda ya chimanga uku ndi uku, imabangula kuchokera pansi pamtima, chiwongolero n'kumanjenjemera m'manja. Anthu amandifunsa chimene ndimaikondera. N'chimenechi. Sindidziwa kuchinena.

Ku Kokomo ndinaima kuthira mafuta, poti imamwa ngati ili pamaliro a mdani. Mzungu wina wachikulire anaizungulira, n'kuimba mluzu. Atafika kumbuyo anaima. Ananunkhiza. Anandiyang'ana, anayang'ana buti, n'kubwerera kugalimoto yake mofulumira kuposa mmene anabwerera.

Ku Lawrence ndinagogoda pakhomo pa Akuzike. Zii. Ndinagogodanso. Ndinaimba foni.

"Ankolo! Mwafika kale? Iiii, pepani, andiitana kushifiti, mnzanga wadwala. Ndiweruka masana."

"Ndisiye pakhomo."

"Ayi, Ankolo, agologolo a kuno ndi mbava, ufa wonse athana nawo. Ndiye mbuzi ija padzuwa? Anthu andipha ine. Chionetsero chanucho chili kuti?"

"Ku Speedway."

"Basi, zaphweka. Ndikuposita pagulu lathu lapafoni pompano, aliyense abwere adzapikire zake komweko. Musadandaule, Ankolo."

"Akuzike..."

Anali atadula.

Ndinaima pakhomopo kanthawi. Ndinaganiza zotsitsa zonse pa udzu n'kumapita. Ndinakumbuka mapoto aja. Ndinalowa m'galimoto.

Ndinafika ku Speedway chipata chikutsala pang'ono kutsekedwa. Anandilozera malo pakati pa Chevelle yofiira ndi Charger yakuda. Bwalo lonse linali kunyezimira. Madala a ndevu zoyera atakhala pamipando yopinda, aliyense pafupi ndi galimoto yake ngati mlonda wa manda. Maboneti otsegula, mabuti otsegula. Ena anaika magalasi pansi kuti anthu aone kumimba kwa galimoto. Panalibe amene ankakhudza ya mnzake. Ankangopinda manja kumbuyo, kuwerama, n'kupumira m'mwamba. Ndinaona kuti ndafika kwathu.

Ndinatsegula boneti. Buti ndinaisiya.

Wa Chevelle anandipatsa moni m'Chingerezi, n'kundikumbutsa kuti buti nayo imatsegulidwa.

"Ikupuma," ndinatero.

Kumapeto kwa mzere wathu kunatulukira oweruza atatu, atavala magolovesi oyera. Ankachedwa pa galimoto iliyonse. Panali magalimoto ambirimbiri asanafike pa yanga, koma ankabwera.

Mwa eni katundu, woyamba kufika anali mwini makina osokera, mayi wachikulire wovala chitenje pamwamba pa jinzi. Dzina lawo Mayi Tusekele.

"Bambo Yohane! Mwayenda bwanji?"

"Bwino."

"Mwawasiya bwanji ku South Bend?"

"Bwino."

"A Mervin ali bwanji? Nanga bondo la Mayi Pamela? Ndinamva linatupa."

"Bwino."

"Latupa bwino?"

"Laphwa."

"Tithokoze Mulungu. Nanga abusa? Nanga mwana wawo uja, banja likuyenda?"

Munthu sungatsegule buti moni usanathe. Ndinayankha za abusa, za mwana wawo, za kwaya, za denga la tchalitchi. Oweruza anamaliza galimoto imodzi, n'kuyamba ina.

Ndinatsegula buti. Fungo linatuluka ngati munthu amene wakhala nthawi yaitali m'ndende. Wa Charger anasuntha mpando wake.

Anthu anayamba kufika awiriawiri, atatuatatu, ena ndi ana m'manja. Onse ankayamba ndi moni, ndipo onse ankafunsa za bondo. Nkhwani zinapita. Mipando inapita, mwini wake akudandaula kuti umodzi wapindika mwendo. Mbuzi inali ya mabanja anayi, ndipo anayamba kuigawa pomwepo, pa udzu, kumbuyo kwa Chevelle, akukangana za chiwindi. Mwini Chevelle anaimirira n'kukhala pakati pa iwo ndi galimoto yake, manja atatambasula.

Akuzike anafika atavala yunifolomu yakuchipatala, akupuma wefuwefu.

"Ankolo, ndathawa pa buleki. Iiii, koma galimotoyi ndi imeneyi? Ndimayesa ndi yatsopano mmene amaikambira."

Anatenga ufa. Anakweza jumbo ya usipa, n'kupeza kuti mpira unaduka panjira.

"Wangotayika pang'ono," anatero.

Ndinachotsa bulangete, ndinaikung'untha kutali. Ndinagwada. Ndinatola usipa umodziumodzi, ndinasesa ufa ndi kaburashi, ndinapukuta ndi nsalu yonyowa kenako youma. Jeke inali pamalo pake. Tayala linali pamalo pake. Buti inayera. Oweruza anali atatsala ndi magalimoto atatu. Mtima unakhala pansi.

Ndinapita kutsogolo kukapukuta injini komaliza. Boneti ya GTO ikatsegulidwa, kumbuyo sikuoneka. Ndinapukuta mosafulumira. Ndinamva galimoto ikutsika pang'ono, ngati munthu waikhalira. Inatsikanso.

Ndinazungulira.

Buti inali yodzaza.

Munali thumba la mpunga wa Kilombero, ndowa ya mandasi yovindikira ndi nsalu, mabotolo a Sobo, njinga ya mwana, ndi wailesi yakanema yokulunga m'chitenje. Mayi Tusekele anali akukankhira chikwama china pakona ndi bondo.

"Izi n'chiyani?"

"Zobwerera nazo, Ankolo," anatero Akuzike. "Mpunga ndi wa achemwali, mandasi ndi a kwaya, njinga ndi ya mdzukulu wa a Mervin. Galimoto ingabwerere yopanda kanthu? Anthu a ku South Bend atiseka."

"Ife sitinaleredwe choncho," anatero Mayi Tusekele. "Kulandira kokha ngati nkhokwe."

Oweruza anali pa Chevelle. Mmodzi anali atagona chagada pansi pake ndi tochi.

Ndinayang'ana buti. Ndinayang'ana magolovesi oyera. Ndinakumbuka zaka zonse zosaka jeke.

"Tsitsani," ndinatero.

"Ankolo?"

"Tsitsani zonse. Pompano."

Ogawa mbuzi anasiya mkangano wawo. Anthu amenewa andidziwa zaka zoposa makumi awiri, ndipo sanandimvepo ndikulamula munthu.

"Bambo Yohane," anatero Mayi Tusekele mwapang'onopang'ono, "chakudya cha anthu sichikhala pansi."

"Nyamulani m'manja."

"Mpaka liti?"

"Mpaka azunguwa adutse."

Anatsitsa. Sanakondwe, koma anatsitsa. Anandanda kumbuyo kwa galimoto, aliyense ndi chake. Akuzike anakumbatira wailesi. Bambo wina wa tayi, mphunzitsi wa kuyunivesite, ananyamula njinga ya mwana paphewa. Mayi Tusekele anasenza mpunga pamutu, n'kupinda manja pachifuwa. Ankang'ung'udza mokweza kuti ndimve.

"Anthu osalankhulawa ndi oopsa."

"Joan akanakhalapo sizikanatheka izi."

"Chigalimoto chopanda ndi kamera yomwe."

Ndinapukutanso buti mothamanga. Ndinaimirira pambali, manja kumbuyo.

Mkulu wa oweruza anali mdala wamtali, wa magalasi pamphuno. Anati dzina lake ndi Duane. Anayang'ana mzere wa anthu onyamula katundu.

"Awa ndi achibale?" anafunsa m'Chingerezi.

"Mpingo."

Anagwedeza mutu ngati zamveka. Anayamba ndi injini. Anaunika manambala ndi tochi, n'kuitana anzake kuti aone. Anayendetsa chala cha golovesi pa penti, pamalo pamene inayamba kufwifwa ndi dzuwa la zaka zambiri. Sanafunse chifukwa chake sindinaipentenso. Amadziwa.

"Ilizeni."

Ndinailiza. Inabangula kamodzi, kenako inakhazikika, ikugunda pansipansi. Duane anatseka maso. Anakhala choncho nthawi ndithu. Palibe munthu anamverapo galimoto yanga atatseka maso.

Kumbuyo kunamveka mawu a Mayi Tusekele. "Akupemphera?"

Oweruza anayang'ana mipando, chiwongolero, wailesi, ngakhale kabati kakang'ono kakutsogolo. Zonse zinadutsa. Anafika kubuti.

Duane anawerama. Anaima. Mphuno yake inagwedezeka. Anayang'ana anzake, iwo anayang'ana kumwamba. Duane anakweza jeke ndi manja awiri ngati khanda.

"Yeniyeni," anatero. "Munaipeza kuti?"

"Ku Ohio."

"Ine yanga ndikusakabe."

Anaibwezera. Anagogoda tayala. Kenako anagwira kona ya kapeti, n'kuikweza.

Pansi pake panali usipa umodzi. Wouma, wopindika, wonyezimira. Diso lake linali kuyang'ana Duane.

Anautola ndi zala ziwiri za golovesi, n'kuukweza padzuwa. Oweruza enawo anayandikira. Mmodzi anauunika ndi tochi, masanasana. Wa Chevelle ndi wa Charger nawo anabwera, manja kumbuyo, kuwerama.

"Bambo, ichi n'chiyani?"

"Nsomba."

"Inabwera ndi galimoto?"

Mlimi uja anamwalira kalekale, sakanatsutsa. Koma mpingo wonse unali kumbuyo kwanga, ukumvetsera.

"Ayi."

Duane anapumira m'mwamba. Zinamupweteka, ndinaona. Woweruza wamng'ono pa onse, wa ndevu zometa bwino, anati lamulo ndi lamulo: chinthu chosachokera kufakitale chapezeka m'galimoto. Winayo anati lamulolo analipangira zinthu ngati masipika ndi mawaya, osati nsomba. Wamng'onoyo anati silitchula kuti nsomba ayi. Anakangana motsitsa mawu, nsomba ili pakati pawo.

"Ndiyenera kupita nayo kukomiti," anatero Duane. "Akaione okha. Koma ndikuuzeni zoona, komiti yathu ndi youma mtima."

"Ndione," ndinatero.

Anaiika m'dzanja langa.

Ndinaidya. Mutu, mchira, zonse. Inali ndi mchenga pang'ono.

Duane anayang'ana dzanja langa. Anayang'ana golovesi yake. Anayang'ana pakamwa panga, ndikutafunabe.

"Ili kuti?"

Ndinameza. "Si m'galimoto."

Kumbuyo Akuzike anafuula, "Ankolo! Wosaotcha?"

"Usipa wa eni ake," anatero Mayi Tusekele, mpunga uli pamutu. "Ndikawauza Mayi Pamela."

Duane anavula magalasi, anawapukuta nthawi yaitali. Mapewa ake ankagwedezeka. Atawavalanso anatembenukira kwa anzake.

"Amuna inu, mukuona chiyani m'butimu?"

Anasuzumira.

"Jeke," anatero wachiwiri.

Wamng'ono uja anakweza makona onse anayi a kapeti. Anaunika. Anachotsa tayala, anayang'ana pansi pake, analibwezera. Anandiyang'ana ine, makamaka pamimba.

"Tayala," anatero potsiriza.

Duane anapisa dzanja m'thumba la malaya, n'kutulutsa kachitsulo kamkuwa. Anakaika m'dzanja lomwe lija, lonunkha usipa. Kanali kofunda. Kanalembedwa 1967. Anandigwira chanza, golovesi ili m'manja, n'kupita pa Charger.

Ndinakayang'ana. Ndinakatembenuza. Kumbuyo kunalibe chilichonse. Ndinakatembenuzanso.

"Ndi kameneko?" anafunsa mphunzitsi wa njinga paphewa. "Tonsefe taimira kameneko?"

"Ndi kameneka."

"Chikho palibe?"

"Palibe."

Mayi Tusekele anayandikira, anakayang'ana kuchokera pansi pa mpunga, n'kutsonya. Kenako mwadzidzidzi analiza nthungululu yaitali, yakuthwa, moti woweruza wa tochi anagunda mutu ku boneti ya Charger. Amayi enawo anailandira.

"Mwawina, mwawina, zamveka," anatero atamaliza. "Tsopano khosi latopa. Tilowetse?"

Ndinaika kachitsulo m'thumba lapachifuwa, ndinamanga batani.

"Mpunga uyambe," ndinatero. "Mandasi pamwamba. Njinga isakhudze jeke."